PCH101 ndi buffer wa eBioscience poyeza FOXP3: ndi zabwino, koma pa maselo odzutsidwa samalani

Aliyense wowerenga maselo a Treg (mtundu wa maselo a T a chitetezo cha m'thupi) m'magazi a munthu pa makina a flow cytometry, omwe amayeza kuwala kwa selo limodzilimodzi, amakumana ndi dzina la PCH101. Ameneyu ndi antibody (puloteni yomata pa chinthu chimene mukufuna kuchiona) wochokera ku khoswe, wa mtundu wa IgG2a, amene amagwira kumayambiriro kwa puloteni ya FOXP3. Amagulitsidwa ndi eBioscience, yomwe pano ili m'manja mwa Thermo Fisher Scientific, ndipo amayendera limodzi ndi buffer (mankhwala amadzi okonzera maselo) wa Foxp3/Transcription Factor Staining Buffer Set, nambala 00-5523-00. Maganizo athu ndi akuti ziwirizi n'zoyenera kugula, bola muzigule pamodzi, ndiponso musalole PCH101 yekha kukuuzani kuti selo ili ndi Treg.

FOXP3 ndi puloteni imene imapatsa maselo a Treg ntchito yawo yoletsa chitetezo cha m'thupi kuti chisaukire thupi lomwelo. Jini yake ili pa kromozomu X. Mu 2001 Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell anaonetsa kuti kuwonongeka kwa jiniyi n'kumene kumapha mbewa za mtundu wa scurfy, ndipo mwa ana aamuna vuto lomweli limabweretsa matenda a IPEX. Mu 2003 gulu la Shimon Sakaguchi linalumikiza FOXP3 ndi maselo a Treg, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2025. Kwa munthu wa mu labu, chovuta n'chakuti puloteniyi imakhala mkati mwa nyukiliyasi. Antibody ayenera kudutsa khungu la selo kenako la nyukiliyasi, n'chifukwa chake buffer ndi theka la ntchito yonse. Ma buffer wamba oyezera ma cytokine, aja odalira saponin, kawirikawiri satsegula nyukiliyasi mokwanira, moti mumaona kuwala kofooka n'kumanamizira antibody.

M'bokosi muli mabotolo atatu. Mumasakaniza gawo limodzi la Fixation/Permeabilization Concentrate ndi magawo atatu a Diluent kuti mupange mankhwala owumitsa maselo, tsiku lomwelo logwira ntchito, osati dzulo lake. Permeabilization Buffer amabwera wa mphamvu ya 10X, ndiye gawo limodzi mumathira magawo 9 a madzi oyeretsedwa a mu labu (distilled water). Concentrate ali ndi formaldehyde, choncho magolovesi ndi chotayira chake chapadera n'zofunika.

Dongosolo la ntchito lisasinthidwe. Yambani ndi utoto wosiyanitsa maselo amoyo ndi akufa, wa mtundu wa fixable (wosachoka maselo akawumitsidwa), mu PBS (madzi amchere a mu labu) wopanda mapuloteni. PI ndi 7-AAD, utoto wamba wozindikira maselo akufa, pano sathandiza chifukwa maselo onse mudzawabowola. Kenako detsani ndi ma antibody a utoto mapuloteni a pamwamba pa selo: CD3, CD4, CD25, CD127, ndipo ngati makina anu ali ndi malo onjezerani CD45RA. Tsukani, tayani madzi, kenako gwedezani chubu mpaka maselo amwazikane musanathire mankhwala owumitsa. Apa ambiri amathamanga. Mukathira pa maselo amene akadali mulu pansi pa chubu, amauma ali ogwirana, ndipo makina amawawerenga awiriawiri kapena kutsekeka kumene. Pa maselo pafupifupi 1 miliyoni thirani 1 mL ya mankhwala owumitsawa, sungani mumdima mphindi 30 mpaka 60. Tsukani kawiri ndi 2 mL ya Permeabilization Buffer, pa centrifuge ya 400 mpaka 600 x g kwa mphindi 5. Maselo owumitsidwa sakhazikika pansi msanga ngati amoyo, ndiye khalani chakumtunda kwa liwiroli, apo ayi mudzawataya ndi madzi otsukira. M'madzi otsala a 100 µL thirani 2 µL ya seramu ya khoswe kwa mphindi 15, kenako PCH101, mphindi zosachepera 30 mumdima. Kutsuka kotsatira kukhalebe kwa Permeabilization Buffer; ku buffer wanu wa nthawi zonse mumabwerera pomaliza penipeni.

Kampani imati 5 µL ya PCH101 pa chubu. Yesani nokha 5, 2.5 ndi 1.25 µL pa botolo lililonse latsopano, chifukwa antibody akachuluka maselo opanda FOXP3 nawonso amayamba kuwala, ndipo malire a magulu awiriwa amasokonekera.

Pa PBMC (maselo oyera opatulidwa m'magazi) atsopano a munthu wathanzi, PCH101 amasangalatsadi. Makamaka wa utoto wa PE, amalekanitsa bwino gulu la ma Treg, la CD25 yochuluka ndi CD127 yochepa, limene limakhala pafupifupi 5 mpaka 10 peresenti ya maselo a CD4. Wa utoto wa FITC ndi wofookerapo, ndipo sitingamulimbikitse kwa amene akufuna kugawa magulu atatu amene Miyara ndi anzake anafotokoza mu 2009: a CD45RA okhala ndi FOXP3 yochepa, opanda CD45RA okhala ndi FOXP3 yambiri, ndi opanda CD45RA okhala ndi FOXP3 yochepa, omwe ambiri mwa iwo saletsa kanthu. Kusiyanitsa "yochepa" ndi "yambiri" kumafuna utoto wowala kwambiri. Ubwino wina ndi wakuti munthu ali ndi mitundu iwiri ikuluikulu ya FOXP3, yathunthu ndi yopanda chigawo chotchedwa exon 2, ndipo PCH101 amagwira yonse iwiri. Clone (mtundu wa antibody) ina ya FOXP3, ya 150D, imagwira mkati mwa exon 2, choncho imaona yathunthu yokha.

Vuto lenileni lili pa maselo odzutsidwa (activated), aja ayamba kale kugwira ntchito ya chitetezo. Mu 2007 Tran, Ramsey ndi Shevach analemba mu magazini ya Blood kuti PCH101 amadetsa maselo a T odzutsidwa mopitirira mmene clone ina ya 259D imachitira, ndipo anati kudetsako si konse kochokera ku FOXP3. Chaka chotsatira Pillai ndi Karandikar anatsutsa zimenezi. Kaya muima mbali iti, chinthu chimodzi palibe amene amachikana: maselo a T a munthu akadzutsidwa amatulutsa FOXP3 kwa kanthawi popanda kukhala Treg. Izi zimakhudza kwambiri ofufuza za malungo, HIV ndi TB, ngati a kuno ku Malawi, chifukwa magazi a odwalawa amakhala odzaza ndi maselo odzutsidwa. Kulengeza kuti "ma Treg achuluka" potengera FOXP3 yokha pa magazi otere n'kulakwitsa koopsa. Ikani CD127 ndi CD45RA, yesani ena mwa magaziwo ndi clone yachiwiri monga 236A/E7 kapena 259D, ndipo ngati nkhani yanu yonse yatsamira pa Treg, ganizirani zoyeza methylation (chizindikiro cha pa DNA) ya TSDR, chigawo cha jini ya FOXP3.

Poika gate (malire a maselo owala ndi osawala), chubu cha FMO, chokhala ndi ma antibody onse kupatula wa FOXP3, n'chothandiza kuposa isotype yokha (antibody wofanana mtundu koma wosagwira FOXP3). Njira ina yabwino ndi kuyang'ana maselo a CD4 okhala ndi CD127 yambiri ndi CD25 yochepa m'chubu chomwecho, popeza pafupifupi onse alibe FOXP3. Gate imene munaika pa clone ina musaisamutsire pa inzake. Law ndi anzake anaonetsa mu 2009 kuti chiwerengero cha Treg chimasintha malinga ndi clone komanso buffer amene mwaphatikiza, ndiye kafukufuku mmodzi ayambe ndi kutha ndi zomwezo.

Buffer ameneyu ali ndi zofooka zake. Amachepetsa kukula kwa maselo, moti FSC ndi SSC (miyezo ya kukula ndi maonekedwe a selo) muziikanso pogwiritsa ntchito maselo owumitsidwa. Utoto wophatikiza monga PE-Cy7 ndi APC-Cy7 ukhoza kusintha kuwala ukawumitsidwa, choncho zoyezera compensation (kuwongola kulowerana kwa kuwala kwa utoto) zidutse m'mankhwala omwewo. GFP, puloteni yowala mobiriwira, imatuluka m'selo ngati simunayambe mwaiwumitsa padera ndi formaldehyde. Ndipo amene amagwira ntchito ndi mbewa, PCH101 si wanu. Wanu ndi FJK-16s, ngakhale buffer ndi yemweyu.

Antibody asungidwe pa 2 mpaka 8 °C, mumdima, ndipo asaundane, makamaka wa PE amene amawonongeka ndi ayezi. Katundu akachokera kutali, funsani wotumiza kuti aike chojambulira kutentha m'bokosi, ndipo botolo likafika liyeseni pa PBMC a munthu mmodzi amene munawasunga kale m'machubu ambiri, musanaliike pa magazi a odwala amene simungawapezenso.