Hugo kapena WordPress: webusaiti ya bizinesi yaing'ono

Mnzanga wogulitsa mtedza pa Kamwendo ku Mchinji anandifunsa kuti webusaiti yake aimange ndi chiyani. Ndinamuikira patebulo mapulogalamu awiri omangira webusaiti: WordPress ndi Hugo.

WordPress inayamba mu 2003. Imadalira PHP (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ndi database (nkhokwe yosungiramo zolemba za webusaiti). Hugo, ya mu 2013, imatenga zolemba zanu za Markdown (kalembedwe kosavuta ka mawu ndi tizizindikiro) n'kuzisandutsa masamba a pa intaneti (HTML) okonzekeratu, basi.

Ndalama: WordPress yanuyanu imafuna seva (kompyuta yosunga webusaiti pa intaneti) yolipira. Masamba a Hugo mutha kuwaika pa GitHub Pages, malo osungirako mawebusaiti, ulere.

Kuphweka: WordPress mumalemba ngati pa Facebook, ngakhale pa foni. Hugo imafuna kompyuta ndi kutaipa malamulo pa terminal, windo lolamulira kompyuta ndi mawu okhaokha. Ine sabata yoyamba mutu unazungulira.

Liwiro: apa Hugo ndiye dolo. Netiweki ikamadukaduka cha ku Mkanda, tsamba lopepuka limatsegukabe, ndipo silidya kwambiri bandulo ya kasitomala.

Chisamaliro: WordPress ili ngati mbuzi m'nyengo ya dzinja, osaichotsa diso. Mukaiwala kukonzanso ma plugin (timapulogalamu towonjezera pa WordPress), akuba a pa intaneti amapeza polowera. Hugo ilibe database yoti aboole.

Amene amasintha mitengo tsiku ndi tsiku, kapena akufuna anthu azioda katundu pomwepo, atenge WordPress. Mnzangayo amangofuna dzina, zithunzi za matumba a mtedza ndi nambala ya foni, ndiye Hugo yamukwanira.