Msuzi wa nsomba wa Red Boat: musauweruze ndi mphuno

Tsiku limene ndinatsegula botololi, bambo a kunyumba anatuluka kuchipinda n'kufunsa ngati kukhitchini kwafera khoswe. Sindinawatsutse. Fungo lake ndi la usipa umene wavumbwidwa ndi mvula usanaume. Koma taonani, papita miyezi inayi, botolo latsala pang'ono kutha, lachiwiri ndagula kale.

Ku Vietnam msuziwu amautcha nước mắm, ndipo kumeneko umagwira ntchito imene mchere umagwira kwa ife. Wa Red Boat amaupangira pachilumba cha Phú Quốc. Amatenga tinsomba ta m'nyanja yamchere tonga usipa, n'kutithira mchere, n'kutisiya m'migolo ikuluikulu yamatabwa pafupifupi chaka chathunthu. Madzi ofiirira otuluka m'menemo ndiwo ali m'botolomu. Chimene chinandikopa n'chakuti papepala la botolo alembapo zinthu ziwiri zokha, nsomba ndi mchere. Misuzi ina ya nsomba imene ndinkaiona m'sitolo inali ndi shuga ndi zina zokometsera. Palembedwanso 40°N, kutanthauza magalamu 40 a nayitrojeni pa lita imodzi. Nambalayi ikakwera, ndiye kuti mphamvu ya nsomba ndi yambiri.

Mphamvuyo ndinaidziwira pa nkhuku. Ndinathira masupuni anayi, kenako dzanja mwachizolowezi linapita pamchere. Ndiwo zija sizinadyeke, ndipo wolakwa ndinali ine. Mukathira msuziwu, mchere usiyeni pashelefu, ndipo muzilawa kaye musanawonjezere.

Ngati mukuyamba kumene, yambani ndi nước chấm, msuzi woviikamo nyama yowotcha kapena wothira pampunga. Ine ndimasakaniza supuni imodzi ya shuga ndi masupuni atatu a madzi ofunda mpaka shuga atasungunuka, kenako supuni ya madzi a ndimu ndi supuni ya Red Boat. Adyo wodula tizidutswa ndi tsabola ziziikidwa pomaliza kuti ziyandame pamwamba. Fungo lija limazimiririka, n'kutsala kukoma kovuta kufotokoza, kotsekemera, kowawasa, kwamchere, zonse pakamodzi.

Kumene unandigometsa ndi mu thịt kho, nyama ya nkhumba imene anthu akumwera kwa Vietnam amaphika pa Tết, chaka chawo chatsopano. Mumawotcha shuga mumphika mpaka adere ngati tiyi wopanda mkaka (musachokepo, amapserera msanga), n'kuikamo nyama, msuziwu ndi madzi a kokonati, pambuyo pake mazira owiritsa. Pamoto wochepa imatenga ola ndi theka. Eni ake amadyera mpunga. Bambo aja, omwe aja a khoswe, anapempha nsima n'kunyambita mbale.

Mtengo wake ndi wokwera kuposa misuzi ina ya nsomba, choncho mumphika waukulu wa phở (supu ya ku Vietnam ya nyama ndi manudulo a mpunga) ndimathira wotchipa, uwu ndimasungira zoviika ndi nkhumba. Mukatseka, pukutani pakamwa pa botolo. Dontho limodzi linagwera pansalu ya patebulo, ndinachapa kawiri.