Kulanda makala pa rodibuloko kapena kutchipitsa zophikira zina?

Mu 2021 Malawi idalonjeza kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi 51% pofika 2040, koma 6% yokha ndiye ya m'thumba mwathu, 45% inayo ikudikira thandizo lakunja. Nde ndalama zochepazi tiziike pati?

Njira yoyamba nkulimbana ndi makala. Lamulo la nkhalango adalikhwimitsa mu 2020, zilango zidakwera, matumba amalandidwa m'misewu. Ubwino wake siyodula kwambiri ndipo Dzalanyama ikufunikadi chitetezo. Koma mayi wa ku Ndirande aphikira chani madzulo ano? Thumba limangokwera mtengo basi, wootcha uja nkulowa mkati mwenimweni mwa nkhalango.

Inayo nkumupatsa munthu pothawira, gasi wotchipa, mbaula ya Chitetezo yosadya nkhuni zambiri, ndi magetsi osathimathima. Iyi njodula zedi komanso imachedwa, tidaona siteshoni ya magetsi ya Kapichira pa Shire itawonongeka ndi Cyclone Ana mu 2022 anthu okhala ndi ma cooker omwe adabwerera ku makala, nchifukwa chake sola ngati wa ku Salima wa 60MW uja amandipatsa chiyembekezo poti sadalira Shire.

Ine ndili ku yachiwiriyi. Olanda makala akhalepo, koma ayambe ndi malole, osati bambo wapanjinga.