Ndemanga: kakampani ka ku Split kamene kanatikonzera ulendo wa ku gombe la Croatia

Nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndi kakampani ka anthu ochepa chabe, ndipo ntchito yawo ndi kukukonzerani ndondomeko: kogona, matikiti a sitima zapamadzi, galimoto yokuchingamirani ku bwalo la ndege, ndi kalata yokaonetsa pofunsira viza. Sakuperekezani ayi. Amakupatsani mapepala ndi nambala ya WhatsApp, kwinako muziyenda nokha. Ife tinapita chakumapeto kwa Seputembala, ine, bambo a kunyumba ndi apongozi anga aakazi, tonse a pasipoti ya Malawi ngakhale tikukhala ku Leeds, ku England.

Pomwe ndinaona kuti ndalama yathu sinapite m'madzi ndi pa nkhani ya mapepala. Croatia inalowa m'chigawo cha Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya oyendamo ndi viza imodzi, pa 1 Januwale 2023, tsiku lomwelo inasiya ndalama yake ya kuna n'kuyamba yuro. Wa pasipoti yathu amafunika viza, ya mayuro 90 munthu wamkulu, komanso amafunika inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Viza itatuluka, mayi amene ankatithandiza anati tiijambule tiwatumizire. Sipanadutse ola, foni inalira. Viza yathu inali yolowera kamodzi kokha, pamene pa ndondomeko panali tsiku lokacheza ku Kotor, ku Montenegro, kuchokera ku Dubrovnik, mzinda wa kummwera kwa Croatia. Montenegro sili mu Schengen. Mukangodutsa pachipata ndiye kuti viza yathera pomwepo, ndipo kubwerera ku Croatia kumene mwasiya masutikesi ndi ndege yanu sikuthekanso. Anachotsa Kotor osatilipiritsa kanthu. Makampani akuluakulu ogulitsa maulendo pa intaneti funso limeneli sakufunsani, chifukwa makasitomala awo ambiri alibe nazo ntchito zimenezi.

Ku Split anatipeza chipinda chabwino, pafupi ndi nyumba yachifumu ya Diocletian, mfumu ya Aroma imene inapuma pa mpando m'chaka cha 305 n'kudzakhala kumeneko. Musaganize za nyumba yotchingidwa ndi mpanda yolowa ndi tikiti. Anthu amakhala momwemo, zovala zayanikidwa pamawindo, m'munsi muli mashopu ndi mabala. Pepala lawo linalembanso tinthu ting'onoting'ono tothandiza: madzi a pampopi ndi abwino kumwa, masitolo ambiri satsegula Lamulungu chiyambire lamulo la mu Julayi 2023 lomwe limawalola Malamulungu 16 okha pachaka, ndipo magombe ambiri ndi a timiyala osati mchenga, choncho gulani nsapato za labala chifukwa pansi pa madzi pali tizilombo taminga. Apongozi ankati nsapatozo n'kuwononga ndalama mpaka ataona mnyamata wina akuzulidwa minga kuphazi.

Chodandaulitsa choyamba, ngakhale n'chaching'ono: kabuku kawo kali ndi zithunzi za anthu akusambira pansi pa mathithi a Skradinski buk pa mtsinje wa Krka. Kusambira pamenepo kunaletsedwa kuyambira 2021. Malowo ndi okongola ndithu, madzi obiriwira akutsika masitepe a miyala, koma bambo a kunyumba anayenda tsiku lonse ndi kabudula wosambirira m'chikwama, nkhope ili gwaa. Zithunzi zakalezo azichotse.

Mayeso enieni anabwera tili pa chilumba cha Hvar. Tinkayenera kukwera boti lothamanga lija lonyamula anthu okhaokha kupita ku chilumba cha Korčula. Usiku kunayamba jugo, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, yofunda, yobweretsa mafunde aataliatali. Amene anagonapo kunyanja nyengo ya mwera akudziwa mmene asodzi amakokera mabwato kumtunda n'kungokhala pansi, ndi chimodzimodzi. Boti linalephereka. Tisanamwe n'komwe tiyi, uthenga unali utafika kale: musadikire padoko, kwerani basi kupita ku Stari Grad, sitima yaikulu ya kampani ya Jadrolinija yonyamula ndi magalimoto omwe siigonja msanga ku mphepo, pakatha maola awiri mukhala muli ku Split, dalaivala akakudikirani. Zinachitikadi momwemo. Korčula sitinaione, koma ndalama ya chipinda cha kumeneko anatibwezera yonse titabwerera kunyumba.

Apa nkhani ya viza inabweranso. Gombe la Croatia ndi loduka pakati: dziko la Bosnia ndi Herzegovina lili ndi kachigawo kake ka nyanja pa Neum, ka makilomita pafupifupi 20, ndipo msewu wakale wochoka ku Split kupita ku Dubrovnik umadutsa momwemo, zipata ziwiri. Mu Julayi 2022 anatsegula mlatho wa Pelješac, wa makilomita 2.4, umene umalambalala Neum. Mayi aja anamulembera dalaivala, ifenso anatilembera, kuti zivute zitani tidzere pamlatho. Ndinaona dalaivalayo akuseka poti wauzidwa kawiri, koma ine mtima unakhala m'malo.

Njira imeneyo inatifikitsa ku Ston, kumene anaika m'malo mwa Kotor, ndipo sindinadandaule. Ndi katauni kamene kanalemera ndi mchere. Madamu oumitsira madzi a m'nyanja akadalipo ndipo akugwirabe ntchito, ndipo linga la makilomita oposa asanu limakwera phiri kuteteza chuma chimenecho. Anatiitanitsiratu peka ku konoba ina, kanyumba kodyera ka banja. Ndi nyama ya nkhosa ndi mbatata zophikidwa pansi pa chivundikiro chachitsulo chokwiriridwa ndi makala, ndipo imatenga maola, n'chifukwa chake simungangofika n'kuitanitsa. Nyama inkachoka yokha pafupa. Apongozi, amene zakudya zachilendo amaziyang'ana ndi diso limodzi, anamaliza ndi blitva yomwe, masamba ophika ndi mbatata n'kuthira mafuta a olivi. Chenjezo lina lomwe linatipulumutsa: nsomba zambiri pa menyu mtengo wake ndi wa pa kilo, muzipempha aikire pasikelo muone musanavomere.

Nyenyezi yachisanu inatayikira ku Dubrovnik. Ndinawalembera a kampaniyo poyamba pomwe, ndipo ndinabwereza, kuti apongozi mawondo amawavuta. Anatiyika mkati mwa linga lozungulira mzinda wakale, zimene pa pepala zimamveka bwino. Koma mkatimo galimoto sililowa. Takisi inatitsitsa pa chipata cha Pile, tinayenda pa Stradun, msewu waukulu wa miyala yosalala uja, kenaka pepala likuti khotani kumanzere. Kumanzereko si msewu, ndi masitepe opapatiza okwera mpaka kuphiri. Bambo a kunyumba anakweza masutikesi paphewa, ine ndagwira apongozi mkono, iwo akupuma pa khomo lililonse n'kumati, “Mwana wanga, kodi anthu a kuno akakalamba amawatani?” Titadandaula anapepesa, koma chipinda china panalibe. Ndi gogo wina woyandikana nafe, osati kampani, amene anatilozera chipata cha Buža chakumtunda, kumene takisi imafika pafupi ndipo munthu umachita kutsika m'malo mokwera. Anthu a ku Split mzinda wawo amaudziwa ngati chikhatho, koma wa Dubrovnik akuoneka kuti amaudziwira pa kompyuta.

Langizo lawo loti tikwere linga m'mawa atangotsegula linali loona. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi awiri kuzungulira mzinda, ndipo ikamakwana 10 koloko anthu otsika sitima zikuluzikulu za alendo amakhala atadzaza moti kuyenda kwake n'kokankhana. Muli pamwambapo mumaona madenga ambiri ali ofiira mwatsopano, ena ochepa otuwa ndi ukalamba. Atsopanowo anafoleredwa mzinda utaphulitsidwa ndi mabomba pa nkhondo ya 1991. Apongozi sanakwere, anatsala pansi ndi khofi wawo.

Ngati pasipoti yanu ndi yofuna viza, kapena mukufuna kudumpha zilumba nyengo imene mphepo yayamba, anthu awa alembeni ntchito. Ngati mukungofuna kugona pa hotela imodzi ku Split n'kumasambira, mutha kudzikonzera nokha. Ndipo ngati pagulu panu pali wamkulu kapena mwana woyenda pa kangolo kokankha, musavomere chipinda cha ku Dubrovnik asanakulembereni kuti masitepe ake ndi angati kuchokera pamene galimoto imaima.