Bati ya hinoki patapita miyezi: yokoma pamanja, yovuta kusamala

Kuyambira kutentha kwa Okutobala mpaka mvula yatha, ndakhala ndikusewera tebulo tenesi ndi bati imodzi yokha, ya thabwa limodzi la hinoki lokhuthala mamilimita 9. Anzanga ku kalabu amandifunsabe ngati ndalama zanga sizinapite padera. Kwa ine sizinapite padera, koma ambiri mwa amene amandifunsawo sindingawalangize kuti agule.

Hinoki ndi mtengo wa ku Japan wa mtundu wa cypress. Umene opanga mabati amaufuna kwambiri ndi wa ku chigwa cha Kiso, m'dera la Nagano. Kumeneko kumazizira, choncho mtengo umakula pang'onopang'ono ndipo mizere ya m'thabwa imatuluka yowongoka ndi yothithikana. Amasankha mitengo ya zaka 200 kapena 300, ndipo yotere siyochuluka. Anthu a ku Japan anayamba kale kuusunga mwansanje mtengowu: m'nthawi ya Edo, zaka mazana angapo zapitazo, olamulira a dera la Owari, amene ankayang'anira chigwachi, analetsa kudula mitundu isanu ya mitengo ku Kiso, hinoki ali momwemo, ndipo wogwidwa ankatha kudulidwa mutu. Ndi mtengo womwewu umene amamangira kachisi wa ku Ise, yemwe amamangidwanso zaka 20 zilizonse, komaliza mu 2013. Ukadziwa zimenezi sudabwanso kuti kathabwa kochepa chonchi kakwera mtengo bwanji.

Itangofika inkanunkhira ngati mkungudza wa ku Mulanje, ndipo ndi pachibale ndithu, mitengo iwiriyi ndi ya banja limodzi. Fungolo pano linazilala, limamveka pokhapokha ndikamatula labala womenyera mpira amene amamatidwa pa thabwa.

Mabati ambiri amapangidwa ndi timatabwa topyapyala 5 kapena 7 tomatidwa ndi guluu, ena amaikamo kaboni pakati, malinga thabwa lenileni likwane 85 peresenti ya kukhuthala kwake monga lamulo la ITTF, bungwe loyendetsa tebulo tenesi padziko lonse, limanenera. Yanga ilibe guluu mkati, ndi thabwa basi, ndipo dzanja limadziwa kusiyanako. Ukamenya ndi mphamvu mpira umakhala ngati walowa kaye m'thabwamo, kenako n'kutuluka ndi liwiro lodabwitsa. Sumva kunjenjemera kofika m'chigongono. Ndikabwerera m'mbuyo masitepe awiri kuchoka patebulo n'kumamenya forehand (kumenya mpira chikhatho chikuyang'ana kutsogolo), palibe bati ina imene ndinagwirapo yondikomera chonchi. Mpira umapita mokhota bwino n'kukatera kumapeto kwa tebulo, ndipo dzanja silitopa msanga chifukwa thabwa limathandiza. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti miyezi yonseyi kukomako sikunachepe. Labala amatha, thabwa lili chimodzimodzi.

Apa mpamene ndinamvetsa osewera a ku Korea amene ankagwira bati ngati cholembera. Ryu Seung-min anatenga mendulo ya golide pa masewera a Olimpiki ku Athens mu 2004 atagonjetsa Wang Hao wa ku China, ali ndi bati ya thabwa limodzi la hinoki, labala mbali imodzi yokha. Koma taonani mmene ankasewerera: ankathamanga kuzungulira tebulo kuti pafupifupi mpira uliwonse aumenye ndi forehand. Thabwali linabadwira kaseweredwe kameneko.

Ine ndimagwira bati ngati ndikupereka moni wa m'manja, ndi malabala mbali zonse ziwiri, ndipo mavuto amayambira pomwepo. Thabwa la mamilimita 9 ukaliwonjezera malabala awiri, bati imanenepa. Chala cholozera chimakhala patali ndi chachikulu, ndiye kutembenuka msanga kuchoka ku forehand kupita ku backhand (kumenya kuseri kwa dzanja kukuyang'ana kutsogolo) kumachedwa. Ndinazolowera, koma mpaka lero wina akandipanikiza pafupi ndi tebulo ndimaluza mapointi amene kale sindinkaluza. Vuto lalikulu ndi mipira yaifupi. Wina akakuponyera sevisi yaifupi yokhala ndi sipini yambiri, kutanthauza kuti mpira ukuzungulira kwambiri, hinoki safuna kuti mpira ufere pafupi ndi neti. Umadumpha pang'ono, ndipo mnzako wochenjera amangoumaliza. Ndinachita kusintha labala wa backhand n'kuika wofewa ndi wopyapyala, zinthu zinasinthako koma sizinathe.

Kusamala kwake ndiye ntchito. Thabwali ndi lofewa moti chikhadabo chimasiya chizindikiro. Guluu amene tonse timagwiritsa ntchito kuyambira pamene ITTF inaletsa guluu wakale wowonjezera liwiro la mpira mu 2008 ndi wamadzi, ndipo amagwira kwambiri pa thabwa losapakidwa kanthu. Pomatula labala, timizere ta thabwa timatha kuzuka naye limodzi. Mankhwala ake ndi kupaka vanishi wochepa kwambiri labala woyamba asanamatidwe, ndi kumatula pang'onopang'ono mopingasa, osati motsatira mizere. Vanishi akachuluka thabwa limauma ndipo kukoma konse kuja kumatha. M'mphepete mwa yanga muli timabowo tiwiri pomwe inagunda tebulo, ngakhale ndinakulungamo tepi. Sinang'aluke, koma mantha alipo, chifukwa thabwa limodzi lilibe lina lopingasa loligwira. Mng'alu ukayamba umatsatira mzere mpaka kuchogwirira. N'chifukwa chake sindibwereketsa, ngakhale andinene kuti ndine woumira.

Nyengo yathu nayonso sikuichitira chifundo. Siyisiyidwa m'galimoto padzuwa, ndipo nthawi ya mvula ndimaisunga m'kachikwama kake pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Mpaka pano sinapindike. Chogwirira chinada ndi thukuta, koma zimenezo sizisokoneza kanthu.

Amene akufuna kulawa hinoki popanda nkhawa zonsezi ali ndi njira zina. Septear ya Nittaku ndi timatabwa 7 ta hinoki tomatidwa pamodzi, yopyapyala ndiponso yolimba. Palinso zokhala ndi hinoki kunja, kaboni mkati, monga Primorac Carbon ya Butterfly ndi ina yotchedwa dzina la Werner Schlager, yemwe anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Paris mu 2003, koma zimenezi n'zothamanga kwambiri kwa munthu amene akuphunzira kumene.

Ya thabwa limodzi ndi ya munthu amene miyendo yake imayenda ndipo amadalira forehand. Ngati ndinu wotere ndipo mukuitanitsa pa intaneti, pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha bati yeniyeniyo ndi kulemera kwake. Mabati awiri a dzina limodzi amasiyana chifukwa amachokera ku zidutswa zosiyana za mtengo. Sankhani ya mizere yowongoka kuyambira kuchogwirira mpaka kumutu, yotalikirana mofanana, yopanda mfundo.