File History ya Windows: imasunga bwino, koma posesa pamafunika maso

Hard drive ya 1 TB mukailumikiza ku laputopu imaonetsa 931 GB. Wogulitsa sanakubereni, ndi kawerengedwe chabe kosiyana pakati pa opanga ndi Windows. Chimene chimadya malowo mwakachetechete ndi File History, pulogalamu ya Windows yosunga makope a mafayilo anu pa draivuyo, ngati munaiyatsa n'kuiiwala. Amalawi ambiri kuno ku Joni amene amajambula maukwati kapena kulembera anthu ma CV amadzazindikira tsiku limene kamzere ka draivu kafiira, ntchito ya kasitomala ili m'manja.

Pulogalamuyi inabwera ndi Windows 8 mu 2012, ndipo ilipobe mu Windows 10 ndi 11. Ndi yaulere, ndipo pa ntchito yosunga ndiyoyamikika. Fayilo ikasintha, imakopedwa yokha ku draivu popanda kukanikiza kalikonse. Chofooka chake chili pa mmene imabwerera kuchokera kwa opanga: imakopa ola lililonse ndipo sifufuta kanthu mpaka kalekale. Komanso simakopa kachigawo kamene kasintha, imatenga fayilo yonse. Kanema wa ukwati wa 4 GB mukamukonza kasanu pa maola osiyanasiyana, draivu yataya 20 GB pa kanema mmodzi.

Chosesera chilimo, kungoti anachibisa. Draivu ili yolumikizidwa, tsegulani Control Panel, kenako File History, Advanced settings, ndiye Clean up versions. Mupeza mndandanda: makope opitirira zaka 2, chaka 1, miyezi 9, 6, 3, mwezi 1, kapena onse kusiyapo latsopano. Yambani ndi chaka 1, muone malo amene abwerera. Ikanena kuti sinapeze makope akale chotero, tsikirani ku miyezi 6. Ozolowera Command Prompt akhoza kulemba fhmanagew.exe -cleanup 365, nambalayo ndi masiku.

Apa ndi pamene anthu amalira, ndiye werengani modekha. Chosesera chimasiya kope latsopano la fayilo imene ikadali pa kompyuta. Fayilo imene munaifufuta pa laputopu, makope ake akapitirira nthawi imene mwasankha, amapita onse. Ambiri timafufuta zithunzi pa laputopu poganiza kuti zili ku draivu basi. Zithunzi za chinkhoswe cha mlongo wanu ku Mangochi, makope a pasipoti ndi pemiti, malisiti a ndalama zotumiza kumudzi, ngati zinatsala mu File History mokha, mukasesa zapita, ndipo simuzipeza mu Recycle Bin. Chenjezo lilipo pa kawindo kameneko, koma ndi mawu ochepa amene munthu wothamanga sawaona. Pa chinthu choopsa chotere Windows ikanafunsa kawiri ndi kuonetsa mayina a zimene zikupita. Apa yaperewera.

Choncho musanasese, lowani mu Restore personal files, bwererani m'mbuyo ndi kamuvi, mubweze zonse zimene kulibe kwina. Ziikeni mu foda yakeyake pa draivu, kunja kwa foda ya FileHistory, ndipo zamtengo wapatali zikhalenso pa flash kapena pa intaneti.

Chinanso, chosesera chimangoona za kompyuta imene yalumikizidwa ndi bakapuyo panopa. Mukatsegula FileHistory, kenako dzina lanu, mupeza foda ya kompyuta iliyonse imene inasungapo. Ya laputopu yakale, yobedwa kapena yogulitsidwa, ingokhala phee ndi ma GB ake. Imeneyo ndi yochotsa pamanja. Yang'anani mu Data, mutole zofunika, ndiye mufufute foda yonse ya kompyuta yakaleyo. Mayina a mafayilo mmenemo amakhala ndi tsiku ndi nthawi ya UTC, nthawi yoyendera dziko lonse imene imatsalira maola 2 pa nthawi ya kuno, musadabwe nayo. Foda ya kompyuta imene mukugwiritsa ntchito musaigwire pamanja, chifukwa kaundula wa mu Configuration sadzagwirizananso ndi zimene zili mu Data, ndipo kubweza mafayilo kumayamba kuvuta. Mukafufuta pamanja, khuthulani Recycle Bin draivu isanazulidwe, apo ayi malo sabwerera.

Ngati mwasesa koma draivu ikadali yodzaza, wolakwa akhoza kukhala foda ya WindowsImageBackup, yosunga kope la Windows yonse, imene File History siikhudza. WinDirStat, pulogalamu yaulere, imaonetsa msanga foda imene yatupa.

Kusesa mafayilo ambirimbiri kumatenga nthawi. Pa kompyuta ya pa desiki yopanda UPS (batire lothandiza magetsi akazima), magetsi a City Power akathima pakati, draivu ikhoza kusokonekera mpaka kufuna chkdsk, pulogalamu ya Windows yokonza draivu. Laputopu ya batire lodzaza ndiyo yabwino, ndipo chingwe chisagwedezeke, makamaka chija cha USB Micro-B chimene chimakhwepa chikakalamba.

Kwa wosunga makalata ndi zithunzi, File History ikukwanira. Wojambula makanema achotse foda ya makanema ndi Exclude folders, aziwakopa pamanja. Pa Advanced settings pomwepo sinthani Save copies of files ikhale kamodzi patsiku, ndipo Keep saved versions ikhale chaka 1. Kusinthaku nakonso kumachotsa zakale pakokha draivu ikayamba kudzaza, ndiye kuchitike mutabweza kale zija zofunika.