Carnegie ndi Rockefeller: ndani anali ndi manja oyerako?

Onse awiri anayambira pansi. Andrew Carnegie anafika ku America mu 1848 kuchokera ku Scotland, n'kuyamba ntchito pafakitale ya nsalu, akulandira $1.20 pa sabata. John D. Rockefeller anali kalaliki wowerengera ndalama ku Cleveland.

Rockefeller anakhazikitsa kampani ya mafuta ya Standard Oil mu 1870, ndipo ankadya mwakachetechete ngati chiswe. Ankapangana mobisa ndi makampani a njanji kuti azimutsitsira mtengo wonyamulira mafuta, opikisana naye n'kumangoona malonda akufota mpaka kumugulitsa mafakitale awo. Khoti lalikulu linagawa kampaniyo kukhala makampani 34 mu 1911, koma mwiniwakeyo ndiye anangolemereratu. Ndalama zake zinamanga University of Chicago komanso kulimbana ndi njoka zam'mimba kum'mwera kwa dzikolo.

Ine amene amandivuta kwambiri ndi Carnegie, mfumu ya zitsulo ku Pittsburgh. Pakamwa ankayamikira mabungwe a ogwira ntchito. Koma mu 1892, antchito ake atakana kudulidwa malipiro pafakitale yake ya zitsulo ya ku Homestead, iye anali phee ku Scotland, pamene womuyendetsera fakitale, Henry Clay Frick, ankabweretsa alonda amfuti a kampani ya Pinkerton pamabwato. Anthu anafa mbali zonse ziwiri, bungwe la antchito pafakitalepo n'kutheratu.

Carnegie atagulitsa kampani yake pa $480 miliyoni mu 1901, anapitiriza kumanga malaibulale, onse pamodzi oposa 2,500. Zabwino ndithu. Kungoti munthu amene watha maola 12 pang'anjo yosungunulira chitsulo, buku angaliwerenge nthawi yanji?